Mphuno Yobwereka ya Ba Njobvu

Ba Morris Njobvu anabadwira m'Kafue momwemo, kunyumba za anthu a njanji, m'chaka cha 1958. Bambo awo anachoka ku Petauke ali mnyamata kudzafuna ntchito, ndipo anakalambira pa njanjipo. Mwana wawoyu sanatsate njanji. Atamaliza Fomu 3 analowa ku fakitale ya feteleza, poyamba ngati wosesa, kenako anawaika ku maboila. Kumeneko ntchito yawo inali kuyang'ana mawotchi oyeza kutentha ndi mphamvu ya nthunzi, n'kumalemba manambala m'buku ola lililonse. Anachita zimenezo zaka zopitirira makumi atatu, mpaka khalidwelo linawalowa m'magazi. Ngakhale mvula ikagwa ankalemba nthawi imene yayamba ndi imene yakata.

Anapuma pantchito mu 2013. Nyumba anali nayo ku Estates, ana anali atakula: Juliet ndi namwino ku Lusaka, Collins ali ku Kitwe. Pakhomo anatsala awiriwiri ndi akazi awo, Mainess. Anayesa kuweta nkhuku, chitopa n'kuzipululutsa zonse m'sabata imodzi. Anayesa dimba, koma msana unakana.

Chaka chotsatira anapita ku Petauke kukameta maliro a malume awo, ndipo kumeneko anamwa mowa wa masiku asanu ndi awiri, umene ku Kafue amangouti sevenidezi. Sikuti anali asanaumwepo, koma wa tsikulo unawakhala pakamwa. M'malo mobwerera Lolemba, anakhala masiku ena anayi kuseri kwa nyumba kumene azimayi ankafulula wina, kope m'manja, akufunsa kuti ufa ndi makilo angati, madzi malita angati. Azimayiwo ankaseka mpaka kugwira nthiti. Mmodzi anati, "Timangoona ndi maso, alamu." Iwo analemba zimene anatha kulemba.

Atafika kwawo anagula dilamu lachitsulo n'kulidulitsa pakati, mabaketi awiri okhala ndi zivundikiro, ndi kachipangizo koyezera kutentha. Maulendo atatu oyamba anataya. Wachinayi unamweka. Pofika chaka chachiwiri anali ndi njira yawoyawo yolembedwa bwino. Tsiku loyamba, phala lamadzimadzi la ufa wa mgaiwa makilo asanu. Likazizira pang'ono, kutsira chimera cha mapira. Masiku awiri kulisiya kuti lisase. Tsiku lachinayi kuliphikanso maola awiri. Lachisanu kutsira chimera chachiwiri. Lachisanu ndi chimodzi kukuntha ndi thumba loyera. Lachisanu ndi chiwiri kumwa. Chokhacho chimene sanalembe m'kopemo n'chakuti pa tsiku lachisanu ankaonjezamo makapu awiri a shuga ndi kasupuni ka yisiti wa mabanzi, kuti mowawo ukhale ndi ukali.

Munthu wofulula safuna kumwa yekha. Ba Njobvu anapeza anzawo awiri a mtima womwewo. Woyamba anali Ba Chimuka Hamweene, wogulitsa nsomba wa ku Chanyanya, amene ankabwera panjinga ndi chigubu cha mbote, mowa wa uchi. Wake unali wosavuta kunena: uchi, madzi ofunda, ndi kachidutswa ka chisa chokhala ndi ana a njuchi, basi. Wachiwiri anali Ba Titus Chibuye, mphunzitsi wopuma, amene ankawiritsa makoko a chinanazi, jinja ndi shuga wa bulauni. Anzakewo ankamunena kuti akufulula zakumwa za pa ukwati wa kutchalitchi, koma ankamaliza botolo. Loweruka lomaliza la mwezi uliwonse ankakumana pansi pa mtengo wa mapeyala kwa Ba Njobvu, kuyambira dzuwa litapendeka pang'ono mpaka nthawi yoti Ba Chimuka apalase njinga kusanade. Sankagulitsa kwa munthu. Aliyense ankalawa wa mnzake n'kunena zoona, ndipo mkangano wa kuti wabwino ndi uti unatha zaka zisanu osagamulidwa.

Akazi awo, Amake Juliet, sankayandikira. Anali a chigwirizano cha azimayi kumpingo kwawo, ndipo mowa sanaulawepo chibadwire. Tsiku lofulula ankatseka windo la kukhitchini. Mthiko wawo, mapoto awo, ngakhale sefa, zonse zinali zoletsedwa kutuluka panja. Sankakangana nawo amuna awo, koma nkhani ya m'dilamu sankaifunsa.

Mu Juni 2021, kukuzizira, Ba Njobvu anadwala matenda a korona. Anagona masabata awiri, Juliet akuimba foni m'mawa ndi madzulo. Anachira, koma mphuno ndi lilime sizinadzuke nawo. Tiyi anasanduka madzi otentha. Tinsomba ta kapenta tinkangomveka kukhukhuluza m'mano. Tsiku lina akuwotha mbaula, nsonga ya chitenje chimene anafunda inayamba kunyeka, ndipo amene anamva fungo ndi akazi awo ali m'nyumba.

Ba Njobvu anati palibe kanthu, manambala alipo. Mu Seputembala anafulula monga mwa nthawi zonse, akutsata kope mzere ndi mzere, ndipo chilichonse chinayenda ndi nthawi yake. Loweruka litafika anathira m'makapu. Ba Titus anamwa pang'ono, n'kuyamba nkhani ya mvula, kapu ataiika pansi pambali pa mwendo wa mpando. Ba Chimuka ananunkhiza, anayang'ana mnzawo, n'kupukusa mutu.

"Mudala, uyu mowa wafa. Ununkha monga nsapato ya msodzi."

"Bwanji? Nachita vonse mwamene nimachitila."

"Ndiye vamene nikamba. Simunamvele? Njobvu yasala ilibe chitamba."

Anaseka onse atatu, koma alendo atapita Ba Njobvu anakhuthulira baketi yonse m'ngalande. Anatsuka dilamu, analivundikira chadodolido kuseri kwa nyumba, kope n'kuliika pamwamba pa kabati. Loweruka lomaliza la Okutobala anatumiza uthenga kuti sakupeza bwino. Ankangokhala pakhonde kuwerenga magalimoto opita ku tauni, ndipo chakudya ankadya ngati akumwa mankhwala.

Mmawa wina mu Novembala, Amake Juliet akusankha nyemba m'lichero, analankhula osadzutsa mutu.

"Batate ba Juliet, chimera chanu chija chinali na nkhungu. Ninachimvela nili mukhitchini, tsiku lamene munamasula thumba."

"Nanga simunakambe bwanji?"

"Munanifunsa?"

Ba Njobvu ankadziwa kuti apongozi awo, amene anamwalira iwo asanakwatire, ankafulula mowa wogulitsa kukomboni, koma nkhaniyo m'nyumbamo sinkatchulidwa. Tsikulo akazi awo anaifotokoza okha, mwachidule, manja ali m'nyemba. Anayamba kuvundula phala ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, ataima pa njerwa kuti afikire dilamu. Kusukulu anzawo ankawathawa kuti akununkha masese. Amuna oledzera ankawaitana maina oipa pakhomo pa mayi awo omwe. Atalowa mpingo ali mtsikana analumbira kuti mowa sudzadutsa pakhosi pawo.

"Kumwa sinizamwa," anatero. "Koma mphuno nili nayo. Ngati mufuna, nizakununkhizilani. Nalema kukuonani mukhala monga munthu ali pa malilo."

Anayamba ndi chimera, poti cha pamsika Amake Juliet anachikana. Anaviika mapira ndi mawere pang'ono tsiku lathunthu, anayala pa masaka onyowa m'chipinda chakale cha Collins, n'kufunditsa masamba a nthochi. Patatha masiku atatu timizu titatuluka kutalika ngati chikhadabo, anayanika padzuwa, kenako Ba Njobvu anapita nazo kuchigayo.

Masiku atatu oyamba a kufulula anadutsa mwamtendere. Mkangano unabuka lachinayi. Maola awiri atakwana, Ba Njobvu anayamba kuphula nkhuni pansi pa dilamu.

"Bwezani nkhuni izo," anatero akazi awo.

"Buku ikamba maawazi yabili."

"Buku ilibe mphuno. Ikali kununkha ufa. Vundulani."

Anavundula ola lachitatu, thukuta lili kamukamu, dzuwa la Novembala lili paliwombo. Anavundula lachinayi, mapewa akuyaka. Phala linasintha mtundu, kuchoka kuyera n'kufiirira ngati dothi la pachulu. Amake Juliet anaweramira panthunzi, anakupizira kumaso ndi dzanja, n'kunena kuti tsopano lafika, likumveka fungo la nkhoko za mumphika. Ba Njobvu anayang'ana wotchi yawo n'kulemba: maola anayi ndi mphindi khumi.

Tsiku lachisanu anatulutsa shuga ndi yisiti m'thumba la jekete, poganiza kuti akazi awo ali kumpopi. Akaziwo anawapeza.

"Mufuna kupanga mabanzi?"

"Ni vamene vimapatsa mphamvu."

"Vimapatsa mutu kubaba. Bwezani mukabati."

M'malo mwake Amake Juliet anabweretsa kabotolo ka phala losasa limene anapatula tsiku lachitatu n'kulitsira chimera padera. Linali likuchita thovu kale. Anapisa chala chaching'ono m'baketi, anati adikire, anapisanso patapita nthawi, anati tsopano. Ba Njobvu anaviika kachipangizo kawo pomwepo n'kulemba nambala. Pa maulendo onse otsatira ankachita chimodzimodzi, ndipo chala cha akazi awo sichinaphonyepo kupitirira madigiri awiri.

Tsiku lokuntha, thumba linkafuna anthu awiri, wina kugwira, wina kufinya. Ali mkati mofinya, pageti panalowa Amayi Gwendolyn Zimba, wapampando wa chigwirizano, kudzanena za ndandanda ya okaphika pamaliro. Anaima, maso ali pamanja a Mainess amene anali oyera ndi masese mpaka m'zigongono.

"Amai Njobvu, ni chani ichi?"

"Ni mowa, amai. Wa bamuna banga. Kuchokela paja banadwala sibamvela fungo. Ikanakhala miyendo yamene inalema, nikanabapeleka ku bafa. Manje yalema ni mphuno."

Amayi Zimba ananena za maliro zija n'kutuluka. Patatha sabata ziwiri Mainess anaitanidwa pamaso pa akulu a mpingo, ndipo anauzidwa kuti avule yunifolomu ya chigwirizano miyezi itatu. Sanatsutse. Anaichapa, anaisita, anaipinda m'sutikesi. Lamulungu lililonse ankapita kutchalitchi atavala chitenje wamba n'kukhala benchi lakumbuyo. Ba Njobvu zinawapweteka kuposa mwiniwake, mpaka anati dilamulo aligulitse kwa owotcha chimanga. Akazi awo anakana. Anati chilango alandira kale, ndiye kusiya tsopano n'kuluza pawiri. Miyezi itatu itatha anavalanso yunifolomu, ndipo nkhaniyo sinadzukenso, ngakhale azimayi ena mpaka lero amawapatsa moni wa kumapazi.

Koma tibwerere ku Loweruka lomaliza la Novembala, tsiku lomwa mowa uja. Ba Chimuka anafika ndi chigubu chawo ndi nsomba ziwiri zouma za mphatso, Ba Titus ndi mabotolo awo m'chikwama. Ba Njobvu anathira mowa watsopanowo m'makapu. Iwo atamwa anangomva kuti ndi wolemera pa lilime ndiponso wofunda pachifuwa, china palibe. Anayang'ana nkhope za anzawo.

Ba Chimuka anamwa, anamwanso mpaka kapu kuuma, n'kuitambasula kuti awonjezere.

"Niuzeni," anatero Ba Njobvu. "Umveka bwanji? Kambani bwino, nilembe."

Ba Titus, pokhala mphunzitsi, anayesetsa. Anati poyamba ukuwawasa pang'ono ngati masuku osapsetsa, kenako kukubwera kukoma kwa chimanga chokazinga, ndipo ukameza sukukanda pakhosi ngati wakale uja. Ba Njobvu analemba mawu onsewo.

"Uyu simunapange mweka," anatero Ba Chimuka. "Nindani?"

"Ni bamake Juliet. Ine nenze chabe kuvundula."

Ba Chimuka anadzuka, anapita pawindo la kukhitchini, limene tsikulo linali lotsegula, anavula chipewa n'kuwomba m'manja mwaulemu. Mainess anayankha kuti zikomo, n'kuwauza kuti nsomba zawo zachuluka mchere.

Fungo linayamba kubwerera chapakati pa 2022, koma mokhotakhota. Anyezi ankanunkha ngati tayala lopsa, sopo ngati palafini. Pang'onopang'ono zinthu zinabwerera m'malo mwake, ngakhale osati zonse. Mpaka pano nthochi sazimva. Tsiku loyamba kulawa bwinobwino mowa wa akazi awo, ananena zoona kuti ndi wokoma koma ndi wofatsa, ndipo ukali wa wawo uja ankaulakalaka. Mainess atapita ku Lusaka kukathandiza Juliet pa uchembere, anafulula okha mwa njira yakale, ya maola awiri, shuga ndi yisiti. Anzawo anamwa osadandaula. Iwo eni ndi amene anasiya kapu pakati, chifukwa ankangomva fungo la buledi.

Masiku ano amafulula kamodzi pa miyezi iwiri, poti mapewa sakulolanso maola anayi mwezi ndi mwezi. Nkhuni, madzi ndi kuvundula ndi za Ba Njobvu. Chimera ndi mawu omaliza pa kuphula ndi za Amake Juliet, amene sanalawebe ngakhale dontho. Ba Titus anadwala shuga, ndiye chinanazi anasiya. Amabwera ndi munkoyo wosawira, chakumwa chonga thobwa, n'kumaweruza za anzawo ndi mphuno. Ba Chimuka anapempha njira yonse, Ba Njobvu anawakopera pa pepala mosabisa kanthu, ndipo Ba Chimukawo ayesa katatu ku Chanyanya osaupeza. Iwo akuti vuto ndi madzi a kumtsinje. Mainess akuti vuto ndi changu, munthu wozolowera uchi sangapirire pa moto. Agwirizana kuti mvula ikatha, msewu ukauma, banja lonse lipite ku Chanyanya akaone dilamu la Ba Chimuka.