Mabulugamu Anga pa Mlatho

Mlatho wathu unali wa mitengo, pa kamtsinje kamene timawoloka popita ku Kabudula. Kale tinkaukonza tokha mvula isanagwe. Amuna ankayala mitanda, ife amayi tinkasenza miyala ndi dothi.

Zipani zitachuluka, anthu anayamba kukana. Ukawaitanira ku chitukuko ankati thangata inatha, boma libwere lidzamange. Boma lake liti? Ofuna mavoti ankaima tsidya lija, kulonjeza mlatho wa simenti, kenako osaonekanso. Mitanda inkangowola.

Chaka china mwana wanga wamkazi anali woyembekezera, ndipo anamwino anachenjeza kuti mwana wagona mopingasa, asayerekeze kuchirira kunyumba. Ngolo sikanadutsa pa zowola zija. Ndinapsa mtima. Ndinauza achimwene anga kuti agwetse mabulugamu amene malemu amuna anga anandisiyira. Otithandiza kukoka anali matenanti a pa esiteti, anthu obwera. Eni mudzi anali pa bawo.

"Mwawononga mitengo ya malemu, eti?" anatero alamu anga.

"Ndawononga yanga. Inu pitirizani ufulu wanuwo."

Titangomaliza kukonza mlathowo, kunabwera lole yodzaza feteleza wa kalabu ya alimi a m'mudzi mwathu. Ndinali ndikuchapa kumtsinjeko. Nditaona kulemera kwake, ndinathamanga n'kukakhala pansi pakati pa mlatho, miyendo tambalale.

"Amayi, chokanipo," anatero dalaivala.

"Tsitsani matumbawo awoloke pamutu. Apo ayi, mundiponde."

Amuna a pa bawo aja anafika, alamu anga patsogolo. Ananditchula wamisala, ena ankati mlatho si wanga ndekha. Ine sindinasunthe. Dzuwa linandiwamba mpaka kupendeka. Dalaivala atayamba kutembenuza lole kuti abwerere ndi katundu, amunawo anavula malaya. Anasenza thumba limodzilimodzi kudutsa pambali panga, ine ndikuwayang'ana m'maso. Sindinawamvere chisoni ngakhale pang'ono.

Matenda anamuyamba mwana wanga masiku asanakwane, mvula itagwa masiku atatu osakata. Tinamukweza m'ngolo, koma pa mlatho madzi ankanyambita mitanda. Ng'ombe zinakana kuponda, ndiye ndinatsika m'ngolo, kugwira chingwe n'kutsogola ndekha. Mlatho unalira pansi pathu, koma tinawoloka.

Kuchipatala anamung'amba tsiku lomwelo, ndipo onse awiri anapulumuka. Anamwino anandiyang'ana matope m'miyendo n'kunena kuti tikanazungulira njira yaitali ya kumtunda, ndikanabwerera ndekha.