Dzina Lomwe Linkayenda Lokha

Tsiku limene Shona Mulcahy anachotsedwa mu timu yaikulu ya ku Melbourne, palibe amene anamukalipira. Bola akanamukalipira. Anamuitanira mu ofesi yozizira, namupatsa madzi m'kapu ya pepala, kenaka bambo wokonza mndandanda wa osewera anamukankhira chipepala chodzaza manambala.

"Pa masewero aliwonse umagwira mpira kasanu ndi kawiri basi," anatero bamboyo. "Wosewera pakati timafuna aziugwira maulendo makumi awiri. Pepa, chaka chamawa tilibe malo ako."

Shona anali ndi zaka 23. Ananyamula chikwama chimodzi, nakwera sitima, kenaka basi, mpaka kuno ku Coonabrook. Famu ya kwawo inali itagulitsidwa chilala chitamaliza nkhosa zonse, ndipo mayi ake ankakhala m'kanyumba ka lendi kuseri kwa nkhokwe za tirigu. Mtsikana amene tauni yonse inamuperekeza ndi nyimbo zaka zinayi m'mbuyomo anabwerera masana a Lachiwiri popanda womulandira. Ntchito imene anaipeza inali ya m'mashedi ometera nkhosa: kutola ubweya, kusesa, kutolanso, msana uli chiweramire kuyambira m'mawa.

Inu amene munauzidwapo kuti simukukwana, sendezani mpando kufupi. Nkhaniyi ndinaiona ndi maso anga, pakuti ndinkasewera kumbuyo mu timu ya atsikana ya tauni yathu. Mpira wathu kuno timaugwira ndi manja, kuthamanga nawo, ndi kuumenya ndi mwendo. Ndipo muli chinsinsi chimene chinatizunguza mitu masabata atatu athunthu.

Shona atabwera kudzapempha malo mu timu yathu, kochi wathu, a Noel Hanrahan a kubutchala, anamuyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi ngati akuyeza mwendo wa ng'ombe.

"Pakati ndili nawo kale atatu, mwana wanga," anatero. "Ukufuna ndichotse ndani?"

Mpira ukamayamba, m'kabwalo kapakati mumalowa anthu anayi okha a timu iliyonse: wamtali wodumphira mpira m'mwamba, ndi atatu outola ukagwa. Atatu athuwo anali kaputeni Bree Nuske ndi mapasa a kwa Dooley, Tess ndi Jo. Onse anali akatswiri, ndipo onse ankathamangira mpira nthawi imodzi ngati nkhuku zomwe zamwaziridwa tirigu.

Timu yathu imasankhidwa Lachinayi. Tikamaliza kukonzekera, dzuwa likupendeka, timalowa mu holo ya kalabu, amayi n'kutigawira nkhuku yokazinga yothira tchizi, kenaka a Noel amachotsa nsalu pa bolodi yawo yoyera. Pa bolodiyo anajambulapo bwalo, ndipo wosewera aliyense ali ndi kamaginito kolembedwa dzina lake. Pomwe kamaginito kako kali ndi pomwe udzaime Loweruka. Bolodiyo saigwira munthu wina. Ngakhale mayi a kunyumba kwawo akamapukuta fumbi amailambalala.

Dzina la Shona linkakhala pansi penipeni, pakona ya odikirira. Awo ndi amene amalowa mnzawo akatopa kapena akavulala.

Sanadandaule. Ankachoka ku shedi manja akununkha mafuta a nkhosa, n'kukhala woyamba kufika pabwalo. M'mawa uliwonse ankazungulira nkhokwe za tirigu kakhumi asanapite kuntchito. Akapatsidwa mphindi zisanu kapena khumi Loweruka, ankachita chinthu chimodzi chomwe ankachidziwa kuposa aliyense: kuweta.

Kuno timati kuweta mnzako akanyamula mpira, iwe n'kuima pakati pa iyeyo ndi womuthamangitsa, manja otambasula, phewa lili nji, kuti mnzakoyo adutse. Malamulo amalola, bola mpira uli pafupi. Koma woweta sagwira mpira. Anthu amawombera m'manja wothamanga uja, nyuzipepala n'kulemba dzina la wogoletsa, pomwe woweta amadzuka pansi ali ndi matope m'kamwa.

Zodabwitsa zinayamba kutatsala masabata atatu kuti tisewere fainolo. A Noel atachotsa nsalu pa bolodi, anangoti kukamwa yasa. Dzina la Shona linali pakati penipeni pa bwalo. La kaputeni Bree linali litakankhidwira m'mbali.

"Maginito anu ayamba kuyenda okha, a Kochi!" anafuula Tess. "Muwamangirire!"

Holo yonse inafa ndi phwete. A Noel nawo anaseka pang'ono, nabweza dzina la Shona pakona pake.

Lachinayi lotsatira zinachitikanso chimodzimodzi. Ulendo uno sanaseke.

Tauni inatekeseka. Ku positi, ku bekari, ngakhale pakhomo pa tchalitchi, funso linali limodzi: akusuntha dzinali ndani? Ambiri tinkaloza Fergus Aitken, mphunzitsi wa masamu amene amakhala m'mphepete mwa bwalo kulemba kuti wagwira mpira ndani. Shona akangomubwereka cholembera, makutu ake ankafiira ngati tomato. Ine ndikuvomera, ndinkapemphera kuti akhale iyeyo. M'maganizo mwanga ndinkamuona akulowa mu holo chonyang'ama, mtima ukugunda, akutola kamaginito kaja ndi zala ziwiri ngati duwa. Ndinali nditasankha kale ndi diresi lovala pa ukwati wawo.

Koma ena ankanong'ona zina. Ankati ndi mwini wake Shona, munthu wozolowera kutamandidwa mumzinda, amene watopa ndi benchi yakumudzi.

Linafika Lachinayi lomaliza, fainolo ili mkuja. A Noel anali atakiya holo ndi loko watsopano. Tinakhala pansi, mbale patsogolo, palibe amene ankadya. A Noel anagwira nsalu, napuma, naikoka.

Dzina la Shona linali pakati.

A Noel analitola, nalikweza m'mwamba kuti tonse tilione.

"Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu ndikusankha timu mu holo muno, palibe anagwirapo bolodi yanga," anatero, mawu ali pansipansi. "Shona, ima. Ndiwe?"

Shona anaima. "Sindinaigwirepo, a Kochi."

"Nanga wapindula nazo ndani? Tamvera. Wochita izi akapanda kudziulula pano, dzinali ndiliika m'thumba. Loweruka sukhala ngakhale pa benchi."

Ndinaona mayi ake a Shona pawindo la kukhitchini atagwira chipande, osaphethira. Shona anakhalabe chiimire. Sanapemphe chifundo, sanaloze munthu. Tonse tinatembenukira kwa Fergus. Ine mumtima ndinkangoti: dzuka, iwe, dzuka!

Mpando unakhuluka kumbuyo kwanga. Sanali wa Fergus.

"Ndine," anatero kaputeni Bree, foloko ikadali m'manja.

"Iwe?" A Noel anatsala pang'ono kugwetsa kamaginito. "Walowa bwanji? Ndakiya ndekha!"

"Kiyi winayo munapatsa amayi anga kuti azidzaphika, a Kochi. Amamusunga m'chitini cha shuga."

Wina anaphulika kuseka, kenaka n'kudzitseka pakamwa.

"Ndiye umadzichotsa wekha pakati? Wapenga?"

"Ndinakuuzani kawiri konse kuti mumuike Shona pakati. Munati kaputeni azisewera, kochi azisankha. Ndiye ndinati mwina bolodi mudzaimvera." Bree anaika foloko pansi. "Ine ndi mapasawa timangogundana mitu pa mpira umodzi. Ndikautola, adani amakhala ali kale pamsana panga. Koma Shona akalowa, ndimathamanga ngati ndili ndekha m'munda mwa bambo anga. Ngati malo ndi atatu okha, atenge anga. Ndikufuna chikho, osati pakati. Mukakayika, mufunseni Fergus."

Fergus anadzuka ngati waitanidwa kubwalo la milandu. Anatembenuza mapepala ake. Kuseri kwa pepala lililonse kunali timizere tambirimbiri tolembedwa ndi pensulo.

"Kamzere kalikonse ndi nthawi imene Shona waweta mnzake," anatero. "Pa pepala palibe malo ake, ndiye ndimangolemba kuseri. Sabata yatha anasewera mphindi khumi ndi ziwiri, anaweta kasanu ndi kanayi. Zigoli zitatu zinatuluka mmenemo."

"Nanga ife kuseri kwathu kuli kuti, aphunzitsi?" anafunsa Jo.

"Eya, maso amenewa mumangowaika pa munthu mmodzi bwanji?" anawonjezera Tess.

Makutu a Fergus anapsa. Holo inagwedezeka ndi kuseka, ena akumenya matebulo. Shona anangoyang'ana pansi, koma ine ndinali naye pafupi, ndipo ndinaona kuti akumwetulira.

A Noel sanaseke. Anatenga mapepalawo, nawerenga timizere tija ndi chala chawo chachikulu cha kubutchala, pepala ndi pepala. Atamaliza anapita ku bolodi. Anaika dzina la Shona pakati. Kenaka anatola la Bree naliika pambali pake.

"Nzeru yako ndi ya theka, kaputeni," anatero. "Ukachoka pakati iweyo, mbusayu aziweta ndani? Mbusa amafuna nkhosa yothamanga. Nonse awiri mulowa. Mmodzi wa mapasa apita kutsogolo kukadikirira mpira pafupi ndi golo."

"Uti?" anafunsa mapasa pamodzi.

"Ndikanadziwa kukusiyanitsani ndikanakuuzani. Kambiranani." Anatembenukira kwa Bree. "Iwe, mbale zonse za lero ndi zako, ndi mapoto omwe. Bolodi yanga sagwira." Kenaka anayang'ana Shona, nakanda m'mutu. "Ndinakuganizira zoipa, mwana wanga. Undikhululukire."

Loweruka masana magalimoto anazungulira bwalo lonse, mphuno zitaloza mkati, ana atakhala pamwamba pa maboneti. Chigoli chilichonse, mahutala ankalira mpaka mbalame kuthawa m'mitengo. Adani athu anali atsikana a ku Tarrin Creek, amisinkhu ngati zitseko za shedi, ndipo anali asanagonjepo chaka chonse.

Masewero anali a wafawafa. Koma pakati panali patasintha. Mpira ukagwa, Bree ankautola, Shona n'kukhala ataima kale pamene mdani amafuna kudutsa. Anagwetsedwa kambirimbiri, mlomo unang'ambika, koma ankadzuka akuseka.

Kutatsala mphindi imodzi, a Tarrin Creek anagoletsa, n'kutipitirira ndi mapointi anayi. Chigoli ndi mapointi asanu ndi imodzi, ndiye tinkafunika chigoli chathunthu, ndipo mpata unali umodzi basi. Mpira unabwerera pakati. Woyimbira anauponya m'mwamba, wamtali wathu anaumenyera pansi, Bree anaunyamula akuthamanga. Kumanzere kwake kunkabwera kaputeni wa adani, chimtsikana chomwe chinali chitagwetsa aliyense tsiku limenelo. Bree sanamuone.

"Weta, Shona! Weta!" Anali a Noel, chipewa chili m'manja.

Shona anali atanyamuka kale. Anatambasula manja, naika phewa. Kugundana kwake ndinakumva ndili kumbuyo kwenikweni kwa bwalo. Onse awiri anagwa chagada. Bree anadutsa osakhudzidwa, anagunditsa mpira pansi kamodzi, naumenya wautali kutsogolo. Tess, amene anavomera kuchoka pakati, anaudumphira naugwira pachifuwa, pafupi ndi golo.

Lipenga lotsekera linalira mpira uli m'manja mwake. Malamulo amati wougwira m'mwamba chotero amenyebe. Tess anapukuta manja pa kabudula, anayenda masitepe asanu, naumenya. Unadutsa pakati penipeni pa mitengo iwiri italiitali ya golo.

Mahutala a tsiku limenelo akuti anamveka mpaka ku mafamu a kutsidya kwa njanji. Mendulo ya wosewera bwino anapatsa Bree. Koma titakolana mapewa mozungulira kuti tiimbe nyimbo ya kalabu, Bree ndi mapasa anakankhira Shona pakati pa bwalo lathulo, ndipo tinamuthira chilichonse chimene chinali m'mabotolo. Mayi ake analowa momwemo ndi epuloni yawo, akuvina, akulira, akupsompsona mlomo wotupa uja.

Zimene Fergus anamunong'oneza Shona kuseri kwa benchi anthu akuimba, ndinazimva ndekha. Ndinalumbira kuti ndidzasunga, ndipo ndikusungabe. Ndingokuuzani kuti Shona sanakane.

Chaka chotsatira a Noel anamuitana kuti azikhala nawo posankha timu, chinthu chimene anali asanachitirepo munthu. Lero Shona ndiye amakonza mndandanda wa osewera apakati a timu ya chigawo chathu chonse. Amayenda m'matauni ang'onoang'ono kufunafuna atsikana aluso, ndipo wapeza angapo amene ena onse anawadutsa, chifukwa iye akamaonera masewero sayang'ana pomwe pali mpira pokha.

Ndiye iwe mnzanga amene ntchito yako sionekera, amene umatsegula njira ena n'kulandira m'manja, amene anakubweza pakhomo ati sukukwana: usasiye chimene umachidziwa kuti ufanane ndi ena. Chichite lero, uchichitenso mawa, ngakhale akupatse mphindi zisanu zokha. Amene ukuwathandizawo akumva m'thupi mwawo, ndipo tsiku lina mmodzi adzaimirira n'kulankhula. Ukagwa, lavula matope, dzuka. Mtima wakowo usautaye, timu ikuufuna.