Amalume Apita Osadya

Lamlungu, mu Novembala.

Ndinadzuka mtima uli m'mwamba ngati tsiku la mayeso. Lero amalume amabwera kuchokera ku Edmonton, dera lina la mzinda womwe uno, kudzamva nkhani ya achimwene anga, amene akufuna kulowa usilikali kuti aziyendetsa ndege zankhondo.

Amayi ananeneratu kuti iwo sangavomere okha. Kwathu mwini mbumba ndi malume, ndipo kukhala kunja kuno ku Lewisham sikusintha zimenezo. Amalume akakana, achimwene adzapita ngati wothawa, opanda mdalitso wa amayi. Amayi anatinso nkhani ya banja sitikamba m'Chingerezi. Apa m'pamene ine ndinalowerera. Achimwene anabwera kuno ali aang'ono, Chichewa amamva koma lilime limawalemera. Ine ndinatsala ku Zomba kwa amayi aang'ono mpaka sitandade folo. Choncho achimwene anandipempha kuti ndikhale pakamwa pawo.

Iwo analibe nkhawa. Amalume ndi amene ankatitenga pa sitima kukaona ndege zikutera kutsidya kwa mtsinje, ndipo akamapuma kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba, amangoonera mavidiyo a ndege pa foni. Achimwene anati munthu wotere sangakane.

Amalume anafika titangochoka kutchalitchi, nakhala pa sofa osavula jekete. Ine ndinakhala pansi pa kapeti. Achimwene ankalankhula, ine n'kumatembenuza. Ndinanena za masamu amene anakhoza, za kuthamanga kwawo ku paki m'mawa uliwonse, za mmene akhala akulotera zimenezi kuyambira kale. Amalume ankangogwedeza mutu. Nditamaliza anatulutsa foni, naiika pa tebulo.

Pa foni panali ndege yotuwa ya mphuno yosongoka. Anati ndi ya ku China. Anafotokoza pang'onopang'ono kuti kale oyendetsa ndege ankamenyana akuonana, wochenjera n'kupulumuka. Masiku ano ndege zimenezi zimanyamula mizinga youluka mtunda wautali kwambiri, moti woponyayo amatembenuka n'kubwerera kwawo winayo asanaone kanthu.

"Iwe ukuona mitambo yokha," anatero, "pamene imfa yako yanyamuka kale."

Achimwene anayankha kuti mavidiyo amakokomeza, kuti ndege za kuno zili ndi makina ochenjeza, kuti nazonso zili ndi mizinga yawo. Ndinatembenuza zonse, koma mawu oti makina ochenjeza ananditengera nthawi. Inenso ndinawerengapo kusukulu kuti akatswiri amatsutsana za mtunda weniweni wa mizingayo. Ndinafuna kunena, koma sinali nkhani yanga.

Amayi anafunsa kuti makinawo akalira, munthu amathawira kuti m'mwambamo. Ndinamva basi ikuima panja, n'kunyamukanso.

Kenako achimwene anapsa mtima. Anayang'ana amalume m'maso, nanena m'Chingerezi kuti kumayeso a m'thupi anapita kale ndipo anakhoza, kuti ndi munthu wamkulu, ndipo sakupempha chilolezo koma akungodziwitsa.

Onse anatembenukira kwa ine. Mawu amenewo m'Chichewa sindikanatha kuwatulutsa pamaso pa amalume. Ndinati, "Akuti ayambako pang'ono, koma sangapitirire popanda mawu anu."

Amalume anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Mwana wanga, Chingerezi ndimachita kukuwa tsiku lonse ndi agogo ogontha. Ndamva zonse ziwiri." Anatembenukira kwa amayi. "Achemwali, nkhaniyi inatha kale. Ine mwandiitanira chiyani?"

Anaimirira. Amayi anawachonderera kuti adye kaye, mpunga ndi nkhuku zinali zitapsa. Ndinathamangira kukhitchini, n'kubwera ndi beseni ndi jagi ya madzi ofunda, n'kugwada. Manja awo anakhalabe m'matumba a jekete. Ndinagwadabe, koma sanasambe. Chibadwire sindinaonepo amalume akuchoka pakhomo pathu osadya, ngakhale tsiku lija anali ndi chimfine chachikulu.

Ndinawaperekeza mpaka pa lifiti, poti wina aliyense sanadzuke. Lifiti inachedwa. Iwo ankayang'ana manambala, ine ndikuyang'ana nsapato zawo. Chitseko chitatseguka anachigwira ndi dzanja, nandiuza motsitsa mawu kuti sakudana ndi ndege, amangodziwa zimene zimagwetsa ndege.

"Zimene wanena iwezo," anatero, "akadzazinena ndi pakamwa pake, ndidzakhala pansi."

Pano achimwene adzitsekera kuchipinda. Amayi akusita yunifolomu yawo ya kuchipatala, malaya amodzi omwewo kubwereza-bwereza. Nkhuku palibe waigwira. Ine homuweki ya sayansi sindinaiyambe n'komwe, ndipo nthawi zonse ndege ikadutsa pamwamba pa nyumba ndikumapezeka ndasiya kulemba.

Sindikudziwa ngati ndikufuna kuti achimwene apite. Chimene sindikufuna n'chakuti apite amayi atawatembenukira msana. Mawa ndikaweruka kusukulu ndikawadikira achimwene pa siteshoni, poti m'nyumba sangandimvere. Ndikawafunsa kaye ngati mawu amene ndinawanenera aja angawanene okha m'Chichewa kuchokera pansi pa mtima. Akavomera, tizikayenda wapansi mpaka kunyumba, ndikuwaphunzitsa liwu limodzilimodzi mpaka lilime lifewe.