Chithunzi chimene munakana kujambula ku Vietnam

Bambo a Tadala, lero ndikuweruka kuchipatala ndaona chikwangwani cha filimu ya nkhondo pa siteji ya basi ku Partick, kuno ku Glasgow. Msilikali wake nkhope ili see, ngati sanaphepo ngakhale nkhuku. Ndatsonya mpaka mayi amene anali pambali panga wacheuka, kenako ndakumbukira inu.

Pa ulendo wathu womaliza uja wa ku Vietnam munandikokera ku myuziyamu ya nkhondo, poti munakulira m'mavidiyo a ku Ndirande mukuombera m'manja asilikali a ku Amereka. Koma kumeneko nkhaniyo ankaifotokoza ndi eni dziko. Munaima nthawi yaitali pa zithunzi za ana obadwa opanda manja chifukwa cha mankhwala amene ndege za ku Amereka zinkawaza. Titatuluka, mzungu wina wa kabudula anakupatsani foni kuti mumujambule atatsamira kasinja, mano onse pamtunda. Munamubwezera foniyo. "Kaoneni kaye zimene zili mkatimo, mukabwera ndikujambulani," munatero modekha. Chitsirucho chinangoseka n'kupempha wina.

Pobwerera kuhotela munandiuza kuti, "Mayi a Tadala, ubwana wanga wonse ndinkasekerera maliro a anthu." Simunaonerenso mafilimu amenewo mpaka khansa inakutengani. Tsopano mwana wathu Tadala akufuna kulowa usilikali wa kuno. Ndikamuletsa amandiyankha m'Chingerezi chake cha ku Glasgow kuti ndine wamantha. Inu mwina akanakumverani.