Unavomera Wekha

Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri pamene bambo anga anamwalira. Iwo anali Mngoni wa ku Manyamula, amayi Mchewa wa ku Dedza amene anabwera ku Mzimba kudzaphunzitsa. Maliro atatha, amayi anafuna kubwerera kwawo ndi ine, poti kwa Achewa mwana ndi wa kuchikazi. Koma amalume anga anali atalandira lobola kalekale, akuiyesa mphatso chabe, osadziwa kuti kuno ikaperekedwa ana amakhala a kuchimuna.

Mkangano utakula, abambo aakulu, mkulu wawo wa bambo anga, anati mwanayo asankhe yekha. M'mawa wa tsikulo ananditengera kukhola n'kundionetsa kathole, kamwana ka ng'ombe kofiira, konunkha mkaka, akuti ndi kanga. Ndiye pabwalo, anthu ali gwa kundiyang'ana, anandifunsa ngati ndikhala nawo. Ine mtima uli pa kathole ndinati eya. Ndinkayesa kuti ku Dedza ndi kuseri kwa phiri, kuti amayi azibwera Loweruka lililonse.

Kalanga ine! Amayi anapita okha. Zaka zinadutsa, kathole kanakula n'kugulitsidwa, ine ndikungotuwa. Sankandizunza ayi, ndisawanamizire. Koma ndinkalira ndikutunga madzi, kulira ndikupita kusukulu, mpaka nkhope ya amayi inayamba kundisokonekera m'mutu.

Nditafika Sitandade 6 amayi anatulukira pa kabaza, ataonda, mapazi ali mbuu. Ndinawakakamira chitenje ngati nkhupakupa. Ndinagwada pamaso pa abambo aakulu, ndikuti, "Ndapota, ndiloleni ndipite."

"Mbwenu unavomera wekha, mwana wanga," anatero mofatsa. "Anthu onse anamva. Mawu sabwerera m'kamwa."

"Amene anavomera uja sindine! Anali kamwana kofuna ng'ombe!"

Ena anaseka. Ankhazi, mlongo wawo wa bambo anga, anandikanganula pachitenje cha amayi chala chimodzichimodzi, nawonso misozi ili mbwembwembwe. Amayi anawerama n'kundifunsa chapansipansi, "Nanga lero, Tiyamike, ukufuna chiyani?" Ndinawauza. Anagwedeza mutu nati amva, ndipo adzabweranso ndi amalume. Ndinathamangira njinga ija mpaka mpweya unandithera pachifuwa.

Sanabwerenso. Matenda amene anawaondetsa aja anafulumira kuposa amalume, ndipo ku Dedza ndinakafika tsiku loika maliro.

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo abambo aakulu ndinawakhululukira, ngakhale zinanditengera nthawi. Chimene ndikudziwa tsopano n'chakuti munthu sakhala yemweyo mpaka kalekale, choncho eya wa dzana si chingwe chomangira munthu wa lero. Wovomera, makamaka mwana, ayenera kufunsidwanso. Pamudzi wonse uja, munthu mmodzi yekha ndi amene anandifunsa kachiwiri, ndipo anali yemwe analibe mphamvu yonditenga.