Kampeni Kanu Kakusenda Nzimbe ku Nathenje

Achimwene, dzulo ndinaona kampeni kanu kodulira zilembo za zikwangwani. Kali ndi amalume ku Nathenje, omwe aja sanapondeko kuchipatala inu muli gone, koma anali oyamba kufika pogawana katundu wanu. Ndinawapeza pakhonde akusendera nzimbe. Ndinakumbukira tsiku lija tinapita kukasankha kampeniko m'sitolo ku Mitundu. Munakana timipeni tonyezimira tapulasitiki, n'kutenga kachitsulo kogwira lezala zolimba. Munakayesa pa katoni mwinisitolo akuyang'ana, kenako munandiuza kuti, "Iwe, lezala ikamagwedera, dzina la mwini chikwangwani limapindika."

Mwezi wamawa tikumanga chiliza chanu, ndipo ndikufuna zilembo za dzina lanu zidulidwe ndi kampeni komweko. Mukundidziwa, kukangana sindikutha, komabe ndinawapempha amalume kuti andipatse kampeniko. Amalume anaseka mpaka kutsokomola. "Mphwanga, sukulu yonse ija, ukulirira kalezala?" Anakaponya pansi pakati pa makoko a nzimbe, nsonga itathyoka kale. Ndinatola kampeniko n'kukapukuta pamalaya, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinachoka pakhomo pawo osatsanzika.