Musawasenzetse Simenti

Fungo la dothi logaulidwa mvula itangokata limandibweretsera anganga, mayi awo a amayi anga, atawerama pamanda a amuna awo ku Bangwe, kakhasu kali m'manja, utsi wa zinyalala zotenthedwa kuseri kwa manda ukutiluma m'maso, uku kumsewu makondakitala akukuwa kuti Limbe, Limbe. Loweruka lililonse tinkapita. Ine ndinkadana nazo, ndisaname. Anzanga akusewera fulaye, ine ndili kalikiliki kuzula chisoso pamwamba pa munthu amene ngakhale nkhope yake sindinkaikumbuka.

Agogo aamunawo anagwira ntchito zaka zambirimbiri ku Makata, kukweza ndi kutsitsa matumba a simenti m'malole. Anamwalira msana utapindika, chifuwa chikulira ngati chitseko chadzimbiri. Patatha chaka, amalume a Layitoni, amene ankagwira ntchito m'boma ku Lilongwe, anabwera ndi mmisiri kuti amange chiliza, chija chothira konkire pamwamba ponse. Anganga anamvetsera, kenako anapukusa mutu.

"Munthu wasenza simenti moyo wake wonse, lero mukufuna muwasenzetsenso ali chigonere? Lipenga likadzalira, anzawo akutuluka, iwowo adzatukula bwanji ndi msana uja?"

"Amayi, manda akudzaza awa. Popanda chiliza tidzawasowa abambo."

"Ine ndilipo. Maso ndili nawo."

Amalume anakatenga mkulu wa mpingo, bambo wofatsa wa ku Rumphi, amene anakhala pakhonde n'kufotokoza bwinobwino kuti okhulupirira adzauka ndi matupi atsopano, opanda nyamakazi, ndiponso kuti pamanda a Ambuye panali chimwala koma sichinawatsekereze.

"Chimwalacho anagubuduza ndani, abambo?" anafunsa anganga.

"Mngelo."

"Eya. Manda amodzi, mngelo mmodzi. Nanga kuno ku Bangwe, kuphatikiza Ndirande yonse ndi Zingwangwa? Mzere wake udzaposa wa kuchipatala. Amuna angawa adikira zokwana."

Mkulu uja anaseka mpaka kuvula magalasi, n'kutsanzika. Amalume anabwerera ku Lilongwe atakwiya, ndipo simenti yawo tinazira nayo khonde.

Mtanda wamatabwa wa pamandapo unadyedwa ndi chiswe, koma anganga sanade nkhawa. Ankayambira pamtengo wa bulugama umene unali pakati pa manda, n'kuwerenga mapazi khumi ndi awiri kulowera kotulukira dzuwa. Akafika ankapalira, kuunjikiranso dothi, n'kumawauza agogo mtengo wa makala ngati munthu wangotuluka pang'ono.

Ndili sitandade seveni miyendo ya anganga inatupa, ndipo anakhala m'nyumba mvula ziwiri zathunthu. Amayi ankagwira ntchito mpaka Loweruka, choncho khasu linagwera ine. Mwezi woyamba ndinapitadi. Kenako ndinayamba kulibisa kuseri kwa bafa ya kwa mnzanga, n'kusewera tsiku lonse, madzulo n'kudzipaka dothi m'mapazi.

"Agogo ako ali bwanji kumeneko, Esinati?"

"Ali bwino, anganga. Payera."

Zinali zaka zija maliro ankadutsa pamsewu wathu tsiku ndi tsiku, mwina atatu dzuwa lisanapendeke, nyimbo za amayi a mpingo zitasasa mawu. Ine sindinaganizepo kuti anthu onsewo akukagona kuti.

Tsiku limene anganga anatha kuyendanso ndi ndodo, anati tiyeni. Tinayenda pang'onopang'ono, kupuma pagolosale iliyonse. Titafika, bulugama kunalibe. Ofuna nkhuni anali atadula, ndi chitsa chomwe anakumba. Paliponse panali mitumbira yatsopano yothithikana, ina ya nkhata zouma, ina ya maluwa apulasitiki, yopanda ndi kanjira komwe pakati. Anganga anayamba kuwerenga mapazi kuchokera pamene ankaganiza kuti panali mtengo, n'kukathera pa manda a mwana. Anayambiranso pena. Anayambiranso kachitatu.

"Esinati, si iwe umabwera kuno? Ndi pati?"

Ndinangoyang'ana zala zanga za kumapazi. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo bola akanandimenya. Anakhala pansi pa chiliza cha munthu wosam'dziwa, n'kuika khasu pambali.

"Ndatopa, mwana iwe," anatero. Sanawonjezepo kanthu, tsiku limenelo ngakhale masiku ena onse.

Anakhalanso ndi moyo zaka zitatu, koma kumanda sanapondekonso. Atadwala komaliza anaitanitsa amalume, ine ndili pomwepo ndikuwapukuta thukuta.

"Layitoni, ine undimangire chiliza. Chachitali, upake laimu kuti chizionekera patali."

"Amayi, si inu munkakana simenti?"

"Abambo ako alibe kanthu pamwamba, adzayamba ndi iwo kutuluka. Ine ndawataya, koma iwo adzandiona. Adzabwere adzanditukulire."

"Ndi msana uja?"

"Asenze komaliza. Matumba a eni ake anasenza, alephere ine?"

Lero ndine mayi wa ana atatu, ndipo nanenso miyendo yayamba kundiuza nkhani. Kutchalitchi abusa akayamba za nkhondo, miliri ndi zizindikiro za masiku otsiriza, ine ndimangowodzera, chifukwa zizindikirozo ndaziona mpaka zandikwana. Za lipengalo, masiku ena ndimakhulupirira, masiku ena ndimangoti kaya. Anganga sindinawapepese, ndipo chimenechi chimandiwawa mpaka pano. Koma chaka chilichonse mvula ikatha ndimakwera minibasi ya ku Bangwe ndi ndowa ya laimu pamiyendo, kondakitala akudandaula kuti ndidetsa anthu, n'kukapaka chilizacho kawirikawiri mpaka chitayera kuti mbee. Ngati lipengalo lidzaliredi, agogo asadzasocherenso chifukwa cha ine.